Ati Tabitha Anasankha Yekha

1

Ine ndine munthu wa pakamwa, ndivomere zimenezo poyambirira pomwe. Dzina langa ndi Wyson Namalima, ndipo ndimaphunzitsa filosofi pa yunivesite ina kuno kwathu. Anthu akandifunsa kuti filosofiyo ndiye chiyani, ndimawauza kuti ndi phunziro lofunsa mafunso amene ena amayesa anayankhidwa kalekale: chilungamo n'chiyani, munthu amadziwa bwanji kuti akudziwa, kodi timasankha tokha kapena timangokankhidwa. Malemu bambo anga ankangoti mwana wawo amadyera makani.

M'dipatimenti mwathu tinalimo aphunzitsi asanu ndi anayi, tonse a ndevu. M'kalasi la chaka chomaliza munkapezeka atsikana awiri, zikachuluka atatu. Nkhani imeneyi ikabuka pamsonkhano, wina n'kunena kuti akazi timawasala, woyamba kudzambatuka ndinali ine. Ndinkati palibe amene amaima pachipata cha filosofi ndi chikwapu. Akazi amasankha okha unamwino, malamulo, uphunzitsi, ndipo kuwakakamiza kukonda zimene ife timakonda ndiye kuwapondereza kwenikweniko. Ndikaona kuti akulimbabe, ndinkatulutsa umboni wanga womaliza, umene ndinakaunenanso ngakhale pa wayilesi.

"Ndili ndi mlongo wanga Tabitha, tinabadwa mapasa. Folomu 4 anakhoza kundiposa. Koma anasankha banja, ndipo lero ali ku Chamama, akulima fodya ndi amuna ake mwamtendere. Tandiuzani, anamusala ndani?"

Ine ndinkakhala pansi ndikumva kukoma.

Chimene sindinkanena n'chakuti pali chinthu chimene ndinamuchita Tabitha m'chaka cha 2006, ndipo ndinkakhulupirira kuti pansi pano ndikuchidziwa ndine ndekha. Ndinayenda nacho zaka khumi osapunthwa, mpaka tsiku limene mkulu wa dipatimenti anandipatsa wophunzira wa digiri yachiwiri kuti ndimuyang'anire pa kafukufuku wake. Anali mtsikana wa kwa Kaomba, dzina lake Emmie, wolankhula motsitsa koma wosaphethira akamakuyang'ana. Ankafuna kuzungulira Kasungu kusakasaka amayi amene anakhoza bwino Folomu 4, nalemba filosofi pa fomu yofunsira malo ku yunivesite, koma osafikako. Funso lake linali limodzi, ngati anasankha okha kapena alipo amene anawatsekera njira.

"Ndipo alongo anu aja mumawatchulatchula sindiwasiya, aphunzitsi," anatero akutseka kope lake.



2

Kuti mumvetse, ndikubwezeni ku esiteti. Kwathu kwenikweni ndi ku Phalombe, koma ife tinakulira pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Chamama, kumene bambo anali tenanti. Mayi anatisiya tili Sitandade 6. Moyo wa tenanti ndi wosavuta kuufotokoza: munda ndi wa bwana, feteleza wa bwana, phoso la bwana, zako ndi manja basi. Nthawi imeneyo makuponi a feteleza wotsika mtengo anali atangoyamba kumene, midzi yonse ikuwira ndi nkhani ya kaundula, koma ife obwera dzina lathu silinali m'kaundula wa mudzi uliwonse. Tinkangoona anzathu akudutsa ndi matumba panjinga. Popanda munda, popanda kuponi, bambo analibe kothawira.

Kapitawo wa pa esitetipo, a Lemani, anali ndi lamulo lawo losapindika. Nyumba ya tenanti ikatsala ndi munthu mmodzi wogwira ntchito, munda ankalanda, ati fodya salimika ndi manja awiri okha. M'nyumba mwathu tinalimo atatu. Mmodzi akanatha kuchoka, koma awiri ayi.

Mwini mutu pa ife mapasa anali Tabitha. Tikamasoka fodya m'chigafa, iye pakamwa sipankatseka. Tsiku lina anafunsa bambo kuti ngati tsamba lomwelo wogula wina alitcha labwino, wina n'kulitcha loipa, ubwinowo umakhala m'tsamba kapena m'maso mwa wogula. Bambo anamuyankha kuti asoke fodya. Kutchalitchi nako anavuta ndi mafunso mpaka akulu a mpingo anamupempha kuti aziyamba wamvetsera. Mphunzitsi wathu wina pa sekondale yoyendera ndiye anamuuza kuti matenda akewo ali ndi dzina, ndipo ku yunivesite anthu amawaphunzira zaka zinayi. Tsiku lodzaza mafomu Tabitha analemba filosofi pamwamba penipeni. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti n'chiyani, ndinangosuzumira pa fomu yake n'kukopera.

Zotsatira zitatuluka, tonse tinakhoza, iye patsogolo. Kenaka tinayamba kudikira makalata oitanira ku mayeso olowera ku yunivesite. Makalata a matenanti onse ankafikira ku bokosi la esiteti, ndipo wokatenga athu ku ofesi ndinali ine, popeza njinga ya bambo ndinkakwera ndine. Kunyumba inafika kalata imodzi, yanga.

Tabitha analira masiku awiri, lachitatu anandichapira malaya opitira ku mayeso. Mphunzitsi uja anabwera yekha kudzamulimbitsa mtima kuti adzayesenso chaka chamawa, ndipo poyamba anavomera. Koma pofika mu Ogasiti anasintha mwadzidzidzi. Za sukulu anakana kwamtuwagalu, navomera a Rabson, bambo wa m'mudzi woyandikana ndi esiteti, amene anali ndi munda wawowawo komanso dzina m'kaundula. Anthu a pa esiteti ankamuseka kuti wakwatiwa ndi kuponi. Chaka chotsatira bambo anasiya utenanti n'kukakhala kwa mkamwini wawoyo, ine ndili ku yunivesite. Ndiye mukuona, ndikamati anasankha yekha sindinkanama kotheratu.

3

Ndinayesetsa kumupinga Emmie, ndipo ndikuchita manyazi kunena mmene ndinayesera. Poyamba ndinamuuza kuti kafukufuku wakeyo si filosofi, n'kalembera wa anthu chabe. Anandiyankha ndi mawu anga omwe, amene ndinawaphunzitsa ali chaka choyamba, kuti mfundo yoopa kuyesedwa si mfundo. Ndinati Kasungu ndi kutali, misewu yake ndi fumbi lokhalokha, bwanji osapita kwina. Anandikumbutsa kuti ndi kwawo. Pomaliza ndinati si bwino kufunsa m'bale wa munthu amene akukuyang'anira. Anangoti amene anaika alongo anga pabwalo ngati umboni si iye.

Zinandipsetsa mtima, ndipo ndinayamba kukayikira aliyense. Mtsikana ameneyu wamutuma ndani? Mkulu wa dipatimenti anali ndi aphunzitsi asanu ndi atatu oti asankhepo, nanga bwanji anamupereka kwa ine? Ndinakatenga failo ya Emmie n'kuiwerenga ngati wapolisi, kufufuza ngati pali ubale ndi a Lemani, chifukwa zaka zonsezo munthu yekhayo amene ndinkamuopa pang'ono anali kapitawo uja. Sindinapezemo kanthu. Komabe akandipatsa moni pakhonde ndinkamva ngati akundiyeza, akaseka ndi anzake ndinkati akuseka ine.

Ndinamuimbira foni Tabitha, chinthu chimene ndinkachita kawiri kapena katatu pachaka. Ndinamuuza kuti kubwera mtsikana wa mafunso opanda mutu, asataye naye nthawi.

"Iwe Wyson, wayamba liti kuopa mafunso?" anandifunsa akuseka, foni n'kudula.

Kuseka kumeneko ndinakhala nako mlungu wonse. Kodi kunali kuseka kwa chemwali wongocheza, kapena kwa munthu wodziwa kanthu?

Emmie anapita mu Novembala. Anasankha dala nyengo ya makuponi, ati amayi onse a m'midzi amawapeza malo amodzi, pamzere wa feteleza kudepoti, ndipo munthu amene wakhala pamzere masiku atatu sasowa nthawi yocheza. Anakhalako milungu inayi. Atabwerako analowa mu ofesi mwanga, wada ndi dzuwa, n'kuika patebulo kaphukusi kokulunga m'nyuzipepala. Ndinamasula. Munali kamtolo ka fodya wa chaka chathacho, masamba osankhidwa bwino, omangidwa mmene Tabitha yekha amamangira.

"Alongo anu akuti mununkhize, mukumbuke kwanu."

Ine sindisuta, ndipo Tabitha akudziwa zimenezo. Pa zinthu zonse za ku Chamama, mtedza ulipo, nyemba zilipo, iye n'kunditumizira fodya? Ndinamufunsa Emmie kuti achemwali anena zotani. Anandiuza mwaulemu kuti mayina onse awabisa m'manambala monga mwa lamulo la kafukufuku, lamulo limene ndinasainira ndine, ndipo sangandiuze kuti mayi uti ndi nambala iti. Atatuluka ndinaponya kamtoloko m'dilowa n'kukiya, koma fungo linadzaza ofesi yonse.

4

Mu Epulo Emmie anabweretsa zonse zimene analemba. Anapeza amayi makumi awiri ndi mmodzi, ndipo anawagawa mbali ziwiri, osankha okha ndi otsekeredwa. Ndinatseka chitseko cha ofesi, ndinauza mlembi kuti ondifuna aziwauza kuti kulibe, ndipo ndinayamba kusaka mlongo wanga pakati pa manambala.

Nkhani zake zinali zosiyanasiyana. Wina anasiya chifukwa amalume ake anati phunziro limenelo ndi la ansembe. Wina aphunzitsi aakulu anamufufutira okha pa fomu n'kulembapo uphunzitsi, ati amuthandize. Koma analiponso ena amene anaseka n'kunena kuti anangosintha maganizo, unamwino unawakomera ndipo sadandaula. Ndinawerenga mothamanga mpaka ndinafika pa Nambala 14. Mzere wachiwiri womwe ndinadziwa kuti ndi iyeyo.

Emmie anamufunsa ngati anasankha yekha kusapitiriza sukulu. Nambala 14 anayankha kuti inde, anasankha yekha, alembe choncho. Emmie anafunsanso ngati panali wina aliyense, pasukulu kapena pakhomo, amene anamutsekera njira. Apo panalembedwa kuti mayiyo anati:

"Inu ndinu ophunzira, tandithandizani. Ng'ombe ikafika pakhola n'kupeza chipata chotseka, n'kutembenuka yokha kupita kwina, palibe waimenya, palibe waikoka. Yasankha kapena sinasankhe?"

Emmie anamufunsa kuti chipata chakecho n'chiti. Nambala 14 anati akungocheza, mzere wasuntha, atsanzikane.

Ndinawerenga tsambalo kasanu. Dzina langa munalibe, ndipo Emmie anamuika kumbali ya osankha okha, monga mwini wake ananenera. Nditawonkhetsa mbali ziwirizo ndinapeza kuti osankha okha ndi khumi ndi mmodzi, otsekeredwa khumi. Ndiye kuti amene anapendeketsa sikelo kuti igwere kwanga anali Tabitha.

Tsiku lotsatira Emmie anabwera nkhope ili yakugwa. Ananena mosabisa kuti ankayembekeza zina, koma sangapotoze zimene amayiwo anamuuza. Anati zikuoneka kuti mfundo yanga ili ndi miyendo, ndipo alemba choncho m'mutu womaliza. Chimene chinatsala chinali siginecha yanga.

Abale inu, ndinayenera kuvina. Mtsikana amene ndinkamuyesa kazitape anali atandibweretsera chipambano m'manja. Koma nkhani ya ng'ombe ija inandikhala pammero. Tabitha sanena kanthu mongocheza, ndinakula naye. Ndinatsegula dilowa, ndinayang'ana kamtolo kaja, ndipo ndinamuimbiranso. Sanandilole ngakhale kumaliza moni. Anati fodya wauma, akusankha, manja akuchepa, ngati ndikukumbukirabe ntchito ndibwere ndidzathandize. Ndinamuuza Emmie kuti ndisaina ndikabwerako ku Kasungu.

5

Ndinafika ku Chamama dzuwa lili paliwombo, galimoto itayera ndi fumbi. A Rabson anandilandira ndi manja awiri monga mwa nthawi zonse, alamu apa alamu apo, kenaka anapepesa kuti akuthamangira kukafuna lole yonyamula mabelo. Anandilozera kuchigafa.

Tabitha anali atakhala pamphasa, miyendo atatambalala, masamba ali milumilu momuzungulira. Sanaimirire. Anangoti a lekichala afika, n'kundikankhira mulu wina kuti ndiyambepo. Ndinakhala pansi ndi thalauzi langa la ku ofesi. Nditakweza maso ndinaona jeke pakona, bokosi lija timapanikiziramo fodya kuti likhale belo, litadzaza theka. Apa ndiye ndikuuzeni chimene ndinachita.

Mu Meyi 2006, kutatsala tsiku limodzi kuti ndikatenge makalata, bambo anatikhazika pansi. Anati tonse tikudziwa lamulo la a Lemani, wopita ndi mmodzi. Akaitanidwa mmodzi, apita yemweyo. Tikaitanidwa tonse, apita amene anakhoza kwambiri, iwo sayang'ana za thalauzi kapena chitenje. Bambo anga, munthu wosapita kusukulu, anaweruza mwachilungamo kuposa ine amene ndimaphunzitsa za chilungamo.

M'mawa mwake a Lemani anandipatsa makalata athu atamanga ndi mphira, osayang'ana n'komwe. Panjira ndinamasula. Anali awiri, maenvulopu ofanana, ina yanga, ina ya Tabitha. Ndinatsika panjinga. Ndinadziona ndikusoka fodya wa bwana mpaka imvi, mlongo wanga akubwera patchuthi ndi mabuku, anthu akundiloza kuti uyo ndi uja anasiyidwa ndi mkazi. Ndinachita mantha, ndinachitanso nsanje, zonse pamodzi.

Ndinalowa m'chigafa anthu atapita kukadya. Ndinang'amba envulopu yake kuti nditsimikize, ndipo zinalidi choncho, anamuitana. Ndinkafuna kuitentha, koma pafupi ndi chigafa moto sayatsa, ndipo machesi ndinalibe. Ndili chiimire choncho ndinamva Tabitha akubwera akuimba, atasenza mtolo wa fodya. Pafupi nane panali jeke, litadzaza theka. Ndinalowetsa dzanja mkati mwa masamba mpaka m'chigongono n'kusiya kalata ndi envulopu yake momwemo. Ndinatembenuka ndikumwetulira, yanga ili m'manja.

Ndinkati ndidzaichotsa anthu akachoka, koma bambo ndi anzawo anabwera nthawi yomweyo. Anathiramo fodya wina, anapukusa jeke, anasoka chiguduli, analemba nambala. Patapita masiku atatu ndinaona belolo likukwezedwa m'lole. Mumtima ndinati basi zatha, kalatayo ipita kutsidya la nyanja, akaidula pamodzi ndi fodya, wina akaisuta. Nditalemba mayeso sindinabwererenso ku esiteti msanga, ndinatsalira ku Lilongwe kwa msuweni wathu ndikugwira maganyu mpaka mayina anatuluka.

Zimenezi ndi zimene zinkayenda m'mutu mwanga nditakhala pamphasa paja, ndikusakaniza masamba abwino ndi oipa ngati mlendo.

6

Tabitha anandilanda mulu uja, ati ndimuonongera giredi. Kenaka anapisa dzanja m'thumba la pulasitiki limene amasungamo khadi la kuchipatala ndi makuponi, n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi. Linali lofiirira ngati tsamba louma, lothimbirira ndi mafuta a fodya. Analiika pabondo panga. Dzina lake linkawerengekabe, ndi tsiku la mayeso lomwe.

"Iwe mwana wa tenanti, unaiwala kuti belo amalifukula ku okushoni?"

Ndinaiwaladi, kapena mantha anandiiwalitsa. Mwana aliyense wa pa esiteti amadziwa kuti ogula asanatchule mtengo amatumbula belo n'kusolola masamba a pakati, ndipo akapezamo chinyalala, kaya pepala, kaya chingwe, belolo amalibweza kwa mwini wake kuti akasankhenso.

Anandifotokozera modekha, manja ake osasiya ntchito. Ogulawo anasolola chidutswa cha envulopu, belo n'kubwezedwa mu Ogasiti. A Lemani anawanyoza bambo pamaso pa matenanti onse, ndipo bambo nawo anakalipira Tabitha, popeza wosankha fodya m'nyumba mwathu anali iye. Anamulamula kuti amasule belo lonse yekha, tsamba ndi tsamba. Chapakati anapeza kalata. Mayeso anali atadutsa kale ndi miyezi iwiri. Sanafunse kuti yafikamo bwanji, chifukwa ankakumbukira amene anamupeza ataima pa jeke tsiku lija akumwetulira.

Ndinamufunsa chifukwa chimene sanawauzire bambo. Anati akanawauza, bambo akanandiletsa sukulu, mwinanso kundithamangitsa pakhomo, ndipo mayeso ake sakanabwerera. Tikanaluza tonse. Nanga kuyesanso chaka chamawa? Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Ine nditapita, iyenso n'kupita, bambo akanatsala okha, a Lemani n'kuwalanda munda, munthu wopanda mudzi, wopanda kuponi. Anawerenga njira zonse n'kupeza kuti yotseguka yatsala imodzi, ya kwa a Rabson. Anati ndisamve molakwika, a Rabson ndi munthu wabwino ndipo amawakonda, koma tsiku limene anawavomera sankasankha pakati pa banja ndi sukulu.

Ndinagwada pomwepo, thalauzi lili fumbi lokhalokha, ndinapepesa ndikulira ngati mwana. Anandisiya ndilire. Kenaka anati za kalatazo anandikhululukira kalekale, ndinali mnyamata wamantha. Chimene chinamulasa chinali china. Tsiku lina akusoka fodya m'chigafa momwemo, wayilesi ili pamtanda, anamva mawu anga ndikuuza dziko lonse kuti mlongo wanga anasankha yekha, anamusala ndani. Amayi amene ankamuthandiza anamuombera m'manja kuti watchulidwa pa wayilesi.

"Unandibera kamodzi, ndinakhala chete. Koma kukhala chete kwangako unakutenganso n'kukakugulitsa ngati umboni."

Ndinayamba kulonjeza zinthu. Ndinati pali njira yolowera ku yunivesite ya anthu akuluakulu, ndimuthandiza, chaka chino chomwe. Anaseka kuseka kuja kwa pafoni.

"Ndili ndi ana anayi, womaliza akuyamwa, ndi munda uwu. Ukufuna ndikane kachiwiri kuti ukanenenso kuti ndasankha?"

Ndinamufunsa chifukwa chimene sanamuuzire Emmie zoona. Anati si ntchito yake kuulula tchimo la mwini, ndipo sangakapereke mlongo wake kwa mlendo pamzere wa feteleza. Anapinda kalata ija n'kundiika m'thumba la malaya. Anati mtsikana uja wamulemba kumbali ya osankha okha, ndipo wosaina ndine. Kaya ndikonza, kaya ndisiya, iye sadzatsegula pakamwa, ndipo palibe adzadziwe.

"Pamenepo ndiye pali kusankha kwenikweni, Wyson. Palibe wakutsekera chipata."

Atatero anabwerera ku masamba ake.

7

Ndisaname, ndinayenda ndi kalatayo milungu iwiri. Kusaina kunali kosavuta. Kafukufuku wa mtsikana, wochitidwa mwachilungamo, akanatsimikiza zimene ndakhala ndikulalikira zaka zonsezi, ndipo ndikanamutchula m'misonkhano mpaka kupuma ntchito. Kawiri konse ndinatenga cholembera. Koma pepala lija linkanunkha fodya m'thumba, ndipo ndikalowa m'kalasi kukaphunzitsa za ufulu wosankha, lilime linkalemera.

Lolemba lina m'mawa ndinamuitana Emmie. Ndinamuuza kuti Nambala 14 ali mbali yolakwika, amusamutse. Anakwinya nkhope, nati sangasinthe mawu a munthu chifukwa woyang'anira wanena, ndipo ndadziwa bwanji kuti Nambala 14 ndi ndani. Ndinayala kalata ija patebulo.

"Anaitanidwa. Amene anabisa kalatayi ndine."

Anawerenga, anandiyang'ana nthawi yaitali osaphethira, kenaka anafunsa ngati ndingalole kuti mawu amenewa awalembe. Ndinavomera. Anabwereranso ku Chamama kukamva kwa mwini wake, ndipo ulendo uno Tabitha anafotokoza zonse. Koma Emmie sanangosamutsa nambala imodzi. Anati ngati mayi mmodzi angathe kunena kuti anasankha yekha kalata ili m'thumba, ndiye kuti khumi enawo ayenera kuwafunsanso, ndi mafunso ena. Ena mwa iwo anapezeka kuti anasankhadi okha, ndipo analemba choncho. Kafukufukuyo anamaliza ndi woyang'anira wina, chifukwa ine ndinali nditasanduka mmodzi wa ofunsidwa.

Kudipatimenti nkhani inawanda. Ena anasiya kundipatsa moni, ena anandinong'oneza kuti ndinapusa, zinthu za ubwana saziulula. Ntchito ndidakali nayo, koma pamisonkhano sindidzambatukanso. Tabitha ndimamuimbira Lamlungu lililonse. Nthawi zina amandipatsa funso loti ndikafunse ophunzira anga, ndipo yankho lawo likamukhumudwitsa amandiuza kuti ndikuwaphunzitsa mopepera. Akadali ku Chamama, akusankha fodya. Kuulula kwanga sikunamubwezere ngakhale tsiku limodzi la m'kalasi.

Inu owerenga, sindikuuzani kuti mkazi aliyense amene kulibe ku filosofi alipo anamutsekera. Ndaphunzira kuopa mawu akuti aliyense. Alipo amene anayang'ana phunziro lathuli n'kuona kuti si lawo, ndipo ndi ufulu wawo. Koma ine ndinkasaka tsankho pachipata cha yunivesite, kumene ndinkadziwa kuti sindilipeza, pamene linachitikira m'chigafa, masana, ndi dzanja la munthu amene anagona naye m'mimba imodzi. Bambo sanamusale, sukulu sinamusale. Mpando umene ndimakhalira mu ofesi muno unali ndi mwini wake, ndipo ngakhale phunziro lomwe ndinakopera pa fomu yake. Ndiye mukadzamva munthu wolankhula bwino, wovala tayi, akunena kuti mlongo wake anasankha yekha, musathamangire kuomba m'manja. Mufunseni kaye kuti tsiku limenelo anakatenga makalata ndani.